Kusaka tiyi wa amalume ake a Amina

Pali zinthu zina zoti zikakuchitikira umangopemphera kuti pasakhale wa kwanu amene waona. Ine zanga zinachitika pamaso pa munthu amene ankayenera kugamula ngati ndikwatire kapena ayi. Ndiye poti nkhaniyi inafika kale ku Machinga, kwawo kwa chibwenzi changa, ndipo kumeneko akuikamba moithira mchere, kuli bwino ndiifotokoze ndekha mmene inayendera, ngakhale kuti mbali zina mpaka lero sindizimvetsa.

Ine ndimagwira ntchito ya ulonda ku The Pearl, kuno ku Doha, pa khomo la nyumba ina yosanjikizana. Ntchito yanga ndi kutsegula chitseko, kulozera anyamata a delivale kokwerera, ndi kunena "Yes sir" kwa aliyense wooneka kuti angathe kundichotsetsa ntchito (kutanthauza kuti aliyense). Kumapeto kwa chaka kampani yathu inachititsa mayere pa phwando la antchito. Anzanga anapata maketulo ndi mabulangete. Ine, munthu woti sindinawinepo ngakhale sopo, ndinapata tikiti ya anthu awiri yokacheza ku hotela ina yaikulu yomwe ili pamodzi ndi paki ya masewera, ija ya zokwera zozungulira ndi zotsetserekera m'madzi. Wolengeza uja anachita kutsindika kuti zakumwa ndi zaulere.

Woyamba kumuimbira anali Amina, chibwenzi changa, amene amagwira ntchito ya m'nyumba ku Nuaija. Anandiuza kuti Lachisanu lolembedwa pa tikitiyo madamu ake ali ndi alendo, sangatuluke.

"Tenga amalume," anatero.

"Amalume ati?"

"Ndili ndi amalume angati kuno? A Che Saidi. Ukacheze nawo akuone kuti ndiwe munthu."

A Che Saidi ndi mlongo wawo wa mayi ake a Amina. Amasamalira maluwa ndi kuyendetsa galimoto pa nyumba ina ku Al Messila, ndipo akhalitsa kuno moti ndevu zawo zinayerera konkuno. Akumudzi anali atanena poyera kuti iwo mnyamatayo sakumudziwa, amene akumuona ndi a Che Saidi, ndiye iwowo akavomera, onse avomera. Koma mkuluyo anangokhala chete miyezi ndi miyezi. Pambuyo pake tinamva kuti wina anawauza kuti alonda a ku The Pearl amamwa mowa wotsalira m'nyumba za mabwana. Ine mowa sindinaulawepo chibadwire, koma zimenezo ungamutsimikizire bwanji munthu amene akakupatsa moni amayang'ana nsapato zako?

Ndinakonzeka ndithu. Ndinapita ku msika n'kugula malaya atsopano, abuluu, okhala ndi mitengo ya kanjedza ndi maluwa achikasu. Wogulitsayo anati ndi amene anthu amavala akamapita kotchaya holide. Ndinamukhulupirira.

Tinakumana titatuluka ku swala ya Juma, pemphero la Lachisanu ku mzikiti. Amalume anali mu mkanjo woyera wosita bwino, mzuli wopeta kumutu, patapata wachikopa kuphazi. Anayang'ana malaya anga aja kwa kanthawi, n'kukwera takisi.

Pa hotela paja anatilandira ndi mtsikana wina amene anatimanga timalamba ta pulasitiki tachikasu pamkono. Kenako anayamba kufotokoza m'Chingerezi chothamanga ngati wolengeza maliro pa wailesi nthawi itamuthera. Zimene ndinatolapo n'zakuti pali mabala atatu, ina pansi pomwepo, ina ku dziwe losambira, ina padenga. Iliyonse ili ndi nthawi yake. Lachisanu nthawizo zimasintha. Komanso mtundu wa kalamba uli ndi tanthauzo lake. Ndinkangogwedeza mutu ngati ndikumva zonse (ndi luso limene ndinaliphunzira pa geti).

Titachoka pamenepo amalume anandigwira pachigongono.

"Abambo," ndi mmene ankanditchulira, mozizira ngati wapolisi, "ine Chingerezi changa n'chochepa, koma mawu akuti bala ndawamva katatu. Mwanditengera ku mabala atatu?"

"Ayi amalume. Kunoko paliponse pogulitsira chakumwa amati bala, ngakhale pa juwisi."

"Chabwino. Ine ndikufuna tiyi. Ndikapanda kumwa tiyi masana mutu umandiwawa."

Mtima wanga unakhala pansi. Tiyi basi. Hotela yonseyi, magalasi okhaokha, kasupe wa madzi pakati pa chipinda, ingalephere tiyi?

Tinayamba ndi bala ya pansi. Tinapeza bambo wina akupukuta matambula. Anatimwetulira bwino kwambiri n'kutiuza kuti atseka kumene, atsegulanso madzulo. Kumbuyo kwake ketulo inali kuwira, nthunzi ili tolotolo. Ndinailoza. Iye anati ameneyo ndi wa antchito, ife tipite ku dziwe, kumeneko n'kotsegula.

Tisanapite ku dziwe ndinati tiyese padenga, poti chikepe chinali pafupi. Kumeneko tinakumana ndi mlonda mnzanga, dzitho lake ngati chitseko. Anayang'ana mkanjo wa amalume, anayang'ana patapata, n'kupukusa mutu. Sindinalimbane naye. Kupukusa mutu kumeneko ndimakudziwa, nanenso ndimadyera komweko.

Ku dziwe kunalidi kotsegula. Anthu anali gonegone pa timabedi, matambula ali m'manja. Ndinafika pa kauntala mwaulemu wonse n'kuitanitsa tiyi muwiri. Mnyamata wogulitsayo anayang'ana kaye pamkono panga.

"Yachikasu," anatero m'Chingerezi. "Panopa tikuthandiza a buluu okha, ogona konkuno. Achikasu mumayamba nthawi ya happy hour."

Ndinafunsa kuti nthawi yachisangalaloyo imayamba liti. Anati ikangotsekedwa kantini ya mu paki. Ndinafunsa kuti kantiniyo imatsekedwa liti. Anaganiza pang'ono n'kunena kuti happy hour ikangotsala pang'ono kuyamba. Kenako anati, "Mafi mushkila," ndiye kuti palibe vuto, mawu amene kuno amakuuza pamene vuto lafika pachimake. Anati tipite ku kantini ya mu pakiyo, achikasu amamwa ulere kumeneko.

"Akuti bwanji?" anafunsa amalume.

"Akuti tiyi wabwino kwambiri ali mu paki."

"Nanga awa akumwawa?"

"Awa ndi a buluu."

Anayang'ana azungu ofiira ndi dzuwa aja, n'kundiyang'ananso ine. Tinauyamba wa ku paki.

Mu paki munali phokoso la ana ndi nyimbo, ndipo dzuwa linali lija la ku Doha lomwe limakuwotcha ngakhale uli pamthunzi. Kantini ndinaiona msanga, chifukwa padenga pake panali chikapu chachikulu cha pulasitiki. Vuto linali lakuti inali pa kachilumba, pakati pa madzi. Chapafupi ndi pomwe tinaima panali mzere wa anthu akukwera timabwato tooneka ngati zipika za mitengo, n'kumalowera cha kumene kunali kachilumbako. Ndiye inu mukanaganiza chiyani? Ine ndinaona madzi, ndinaona bwato, ndinaona tiyi kutsidya.

"Tiwolokera apa amalume."

"Chabwino. Bwato ndinakwerapo pa Shire, si lachilendo."

Anatikhazika iwo kutsogolo, ine kumbuyo kwawo. Mtsikana wokweza anthu anatitsitsira chitsulo pantchafu n'kunena zinazake akuloza mzuli wa amalume. Ndinaganiza kuti akuuyamikira. Ndinamuthokoza.

Poyamba ulendo unali wokoma. Kabwato kankayenda pang'onopang'ono, madzi akuwomba m'mbali, amalume mpaka anaviika chala. Tinadutsa pafupi ndi kantini ija, pafupi zedi moti ndinamva fungo la tchipisi, koma kabwato sikanaime. Ndinati mwina doko lili kuseri. Tinalowa m'chiphanga cha mdima momwe munali zidole za ng'ona zikutsegula kukamwa. Kenako pansi panamveka kuti gwe, unyolo unatikola, ndipo bwato linayamba kukwera phiri.

"Abambo," anatero amalume osatembenuka, "bwato lokwera mtunda ine sindinalionepo."

"Ndi luso la kuno amalume."

"Nanga tiyi amamwera kumwamba kuno?"

Apa n'kuti titafika pamwamba ndipo ndinaona kuti kutsogolo kulibe njira. Kunali mlengalenga, Doha yense ali pansi, ndi anthu ang'onoang'ono atatiloza ndi mafoni. Ndinamva amalume akuyamba mwachangu shahada, mawu aja a chikhulupiriro amene Msilamu amanena imfa ikayandikira, ngati munthu amene akufuna amalize asanafike. Zotsatira zake sindizikumbuka bwino. Ndikukumbuka mimba yanga itatsalira kumwamba, mphepo, mawu a munthu akukuwa mayi ake (ndinazindikira pambuyo pake kuti ndinali ine), ndi chimadzi chimene chinatigwera ngati wina watikhuthulira mgolo.

Kabwato kanakatitula pamalo pomwe tinakwerera paja.

Amalume anatsika okha, osalola kuti ndiwagwire dzanja. Mkanjo unali utamatirira thupi, madzi akuyenderera m'ndevu. Mzuli kunalibe. Ndi tsiku limenelo pamene ndinadziwa kuti mkuluyo ali ndi dazi, ndipo ndikukhulupirira kuti ngakhale Amina sankadziwa. Anapukuta kumaso ndi dzanja n'kuloza kumanzere. Kumeneko, kuseri kwa kamtengo, kunali mlatho wabwinobwino wopita ku kantini, ana akuwoloka akudya ayisikilimu.

Tinawoloka. Titafika tinapeza bambo wa pa kantini akutsitsa chitseko chachitsulo.

"Khalas," anatero, kutanthauza kuti zatha. "Happy hour yayamba ku dziwe."

Tinabwerera ku dziwe. Patapata wa amalume yekha ndi amene ankalira kuti tchwa, tchwa. Ndinawakhazika pansi pa ambulera ya kumapeto kwenikweni, kuti aume anthu asakuwaona, ndipo ndinawalonjeza kuti ulendo uno ndibwera ndi tiyi.

Ku kauntala kuja zinthu zinali zitasintha. Nyimbo zinali pamwamba, anthu atachuluka, ndipo antchito onse anali atavula zoyera zija n'kuvala malaya ena a madzulo. Abuluu. Okhala ndi mitengo ya kanjedza ndi maluwa achikasu. Ndinaona ndithu kuti akufanana ndi anga, ndipo chimene ndinamva mumtima chinali kunyada. Ndinati ndiye kuti ndimadziwa kusankha zovala.

Ndinaitanitsa tiyi kwa mnyamata wina watsopano. Anati ndidikire pang'ono. Ndili chiimire, mayi wina wachizungu anandikodola n'kupempha thawulo. Ndinadabwa, koma mathawulo anali pa shelefu pafupi nane, ndipo sindinaleredwe mokaniza munthu chinthu. Ndinamupatsa. Mwamuna wake anati ndimusunthire ambulera. Ndinasuntha. Wina anandipatsa mbale zodyera kuti ndichotse, wina anati nsapato ya mwana wake yagwera m'madzi. Ndinkangoti anthu a pa hotela pano ndi omasuka bwanji, akungonditenga ngati m'bale wawo. Pakamwa panga pankangotuluka "Yes sir, yes madam" pandekha, ngati mmene bondo limadumphira dokotala akaligogoda.

Ndikubwerera ku kauntala, bambo wina wa wailesi ya m'manja anandiima kutsogolo. Anandifunsa mwaukali kuti baji yanga ili kuti. Ndinamuonetsa kalamba kachikasu kaja, koma iye anali atatembenuka kale. Ananyamula thireyi n'kundiika m'manja.

"Two iced tea. Ambulera yachiwiri kuchokera kumapeto. Yalla, yalla, fulumira."

Pa mawu onsewo ine ndinamva awiri: tiyi, ndi ambulera ya kumapeto. Pa thireyipo panali matambula awiri ataliatali, chakumwa chofiirira ngati tiyi weniweni, madzi oundana, ndi kandimu pamlomo. Ndinatsala pang'ono kulira ndi chimwemwe. Ndinayenda pakati pa timabedi tija mutu uli m'mwamba.

Amalume anali atakhala mowongoka, thawulo lili pamutu (sindikudziwa anawapatsa ndani, ine amene ndinagawira hotela yonse ndinawaiwala).

"Ndakhala ndikukuonani," anatero. "Mumagwiranso ganyu pa bala pano?"

"Ayi amalume, ndimangothandiza."

"Mumangothandiza. Ndi yunifolomu yomwe."

"Tiyi uja ndi uyu amalume."

Anayang'ana tambulayo mokayika. "Wozizira?"

"Ndi mmene amamwera m'mahotela akuluakulu. Ndi wodula kwambiri ameneyu."

Ludzu linali litawagwira, ndipo mutu unali utayamba kale kuwawa. Anachotsa kandimu kaja, ananena Bismillah, n'kukweza tambula. Inali itatsala pang'ono kugunda mlomo pamene dzanja la munthu linawagwira pamkono.

"Pepani bambo, ikani pansi. Umenewo ndi mowa."

Chinali Chichewa chomveka bwino, cha kwathu. Anali mtsikana woperekera zakumwa, pachifuwa pali baji yolembedwa kuti Tadala. Anati ndi wa ku Zomba, ndipo anatimva tikuyankhula akudutsa. Anafotokoza mwaulemu kuti chakumwacho tiyi ndi dzina chabe, mkati mwake muli mitundu ingapo ya kachasu wachizungu, ndipo tiyi mulibemo ngakhale dontho. Eni ake anali azibambo awiri a pa ambulera yoyandikana nafe, omwe nthawi yonseyi ankandikupizira manja ine n'kumawabwezera moni.

Amalume anaika tambula ija pa tebulo pang'onopang'ono, n'kuikankhira kutali ndi chala chimodzi. Kenako anapukuta chalacho pa thawulo. Sanandiyang'ane. Ine m'mutu mwanga ndinaona zonse zikutha: Amina, ukwati, kanyumba kamene ndinayamba kuumbira njerwa kumudzi. Munthu amene ankandiganizira kuti ndimamwa ndinali nditamupatsa mowa ndi manja anga awiri, atanena kale Bismillah.

Bambo wa wailesi uja anatulukira akukalipa kuti ndapereka oda kolakwika ndipo andidula malipiro. Ndinayankha kuti "Yes sir." Tadala anachita kundigwira dzanja n'kulikweza m'mwamba kuti bwanayo aone kalamba.

"Achimwene, mukuvomera chiyani? Inu ndinu mlendo pano."

Bwana uja atamvetsa, nkhope inasintha. Anapepesa kambirimbiri, dzanja lili pachifuwa, n'kunena kuti tiitanitse chilichonse chimene tikufuna, hotela ilipira. Ndinamasulira. Amalume anayankha okha, m'Chingerezi, liwu limodzi.

"Tea."

Bwanayo anathamangira ku kauntala. Tinamuona akukambirana ndi mnyamata uja, akuloza mashini, akuyang'ana wotchi. Anabwerera manja ali kumbuyo. Anati pepani kwambiri, nthawi ya happy hour mashini a zotentha amazimitsa kuti pakhale malo a matambula. Tiyi akupezeka ku bala ya pansi ija. Ndinafunsa ngati yatsegulidwa. Anati ayi, koma itsegulidwa happy hour ikangotha.

Amalume anaimirira, anapinda thawulo bwinobwino, anathokoza Tadala ndi kumufunsa za kwawo, n'kunena kuti, "Tiyeni."

Takisi itangotuluka pa geti anauza dalaivala kuti aime pa kakantini ka pa filing'i siteshoni. Sitinatsike n'komwe. Dalaivala analiza hutala, munthu anabwera pawindo, ndipo tisanamalize kupuma tinali titagwira makapu a pepala a karak, tiyi uja wa mkaka wonunkhira amene kuno amamwa aliyense, wa mtengo woti ngakhale mlonda saufunsa. Palibe anayang'ana mtundu wa kalamba. Amalume anamwa kapu yoyamba, anaitanitsa yachiwiri, ndipo ili pakati anayankhula.

"Mowa uja munaunyamula kuchokera pa kauntala mpaka pamene ndinakhala ine. Unali pansi pa mphuno yanu. Simunamve fungo?"

"Ndinamva la ndimu, amalume."

"La ndimu."

"Eya."

Anagwedeza mutu n'kupitiriza kumwa. Titafika ku Al Messila anatsika osanena kuti zikomo kapena kuti pita bwino. Ndinabwerera ku chipinda chathu ndikukonza mawu omuuzira Amina.

Sindinachite kumuuza. M'mawa mwake Amina ananditumizira uthenga wa mawu umene amalume anatumiza ku gulu la banja lawo pa foni. Ndinaumvera ndili pa geti, foni ili kukhutu. Atapereka salamu kwa onse anati:

"Za mnyamata uja ndaona ndekha. Samwa. Munthu wakumwa sangalephere kuuzindikira mowa ataunyamula m'manja, ndiye zimene tinamva zija zinali zabodza. Ulemu ali nawo, mwinanso wapitirira, chifukwa amatumikira ndi anthu oti sanamulembe ntchito. Koma mutu wake umafunika wina woyenda naye. Amina ndi wochenjera, akwanitsa. Ine ndavomera akamwiniwa."

Pansi pa uthengawo panali chithunzi. Ine sindinkadziwa kuti pa chiphiri cha mabwato chija pali kamera imene imajambula anthu akamagwa, ndipo zithunzizo amagulitsa potulukira. Nthawi imene ndinkagawa mathawulo, mkuluyo anabwerera yekha ku paki n'kukagula chake ndi ndalama zake. Pa chithunzipo iwo ali kutsogolo, chala chimodzi chili m'mwamba, nkhope ili phee ngati ali pa mkeka wa swala, mzuli ukuuluka pamwamba pawo. Kumbuyo kuli ine, maso otseka, kukamwa kuli yasa, manja onse awiri nditawakumbatira m'chiuno amalume ake a Amina.

Anthu amandifunsa kuti hotelayo ndi yabwino kapena ayi, ndipo ndimasowa chowayankha. Sindinamweko kanthu, sindinadyeko kanthu, ndinagwirako ntchito yaulere, koma ndinachokako ndi mkazi. Ndikanakonda kunena kuti ndinaphunzira kufunsa ndikapanda kumva. Koma mwezi watha azakhali ake a Amina anandiimbira foni n'kufotokoza m'Chiyao chakuya zonse zofunika pa tsiku la ukwati, ndani abweretse chiyani, ndani aime pati. Chiyao changa n'chochepa, koma ndinavomera chilichonse. Amina akuti zina mwa zimene ndinavomerazo ndi mbuzi ziwiri ndi kuvina pamaso pa azimayi.